Kabokosi ka a Mulipa

Loweruka lina m'mwezi wa Julayi, abale a malemu Modester anasonkhana pa nyumba ya kufupi ndi Songani kuti asudzule mwamuna wa malemuwo, a Japhet Mulipa. Chaka chinali chitatha chimwalirire mayiwo, chiliza chinali chitamangidwa, ndipo mwambo unatsala umodzi wokha, womasula mkamwini kuti azipita, akakwatire kwina ngati akufuna. A Mulipa sankafuna kukwatira. Sankafunanso kupita. Koma malo anali a kuchikazi, ndipo ukamanga nyumba pa malo a apongozi ako, ngakhale njerwa uumbe ndi manja ako, umadziwa ndithu kuti mlendo ndi mame. Iwo anakhala pamenepo zaka makumi atatu ndi chimodzi.

Za nyumbayo anali atazigonjera kale. Mwana wawo Juliana ndiye ankayenera kukhalamo ndi ana ake, nanga ndani angalimbirane denga ndi mwana wobala yekha? Iwo anali atapeza kachipinda pamwamba pa phiri la Zomba, pafupi ndi nazale ya mitengo ya paini kumene anagwirako ntchito mpaka kupuma. Mipando, firiji, bedi, zonsezo sanazilabadire. Chimene ankafuna kutuluka nacho chinali chimodzi basi, zoyimbira za pabalaza: ampulifaya, masipika awiri ataliatali, ndi kabokosi kakuda kokhala ndi nyali ya buluu. M'zimenezo ndi mmene munkatuluka mawu a mkazi wawo.

Nkhani ya zoyimbirazi inayamba zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo. A Mulipa ndiwo ankayang'anira zokuzira mawu ku tchalitchi, ndipo chaka chimenecho anajambula kwaya ya amayi a Mvano pa laputopu yawo. Nyimbo yachitatu ankaitsogolera a Modester. Bamboyo ataimvera pa timasipika ta laputopu anakwiya ngati wina wawatukwana, nati mawu otere si oyenera kutulukira m'kachitini. Anatenga mkazi wawo ulendo wa m'tauni, kwa Hafiz, mkulu wina wokonza ndi kugulitsa mawailesi akale pafupi ndi msika.

Nyimbo ikakhala mu kompyuta imakhala manambala chabe, ndipo pamafunika kachipangizo kotembenuza manambalawo kuti akhale mawu omveka. Anthu a zamagetsi amakatchula kuti daki. Apa ndi pamene panagona mkangano wa tsiku limenelo.

"Madala, ampulifaya iyi ili ndi daki wake kale m'mimbamu," anatero Hafiz. "Mungolumikiza waya kuchokera pa laputopu, basi, iziyimba."

"Nanga aka?" A Mulipa analoza kabokosi kakuda kamene kanali pa shelefu.

"Akonso ndi daki, koma wapadera, wokhala kunja. Anasiya ndi lekichara wina wa pa yunivesite ku Chirunga atasamuka. Ndi kabwino, sindikana ayi. Koma nyumba yanu ija ndi yamalata, siling'i mulibe. Mvula ikamagwa, mbuzi zikamalira panja, kusiyana kwake mudzakumvera pati?"

Wogulitsa akamanyoza yekha malonda ake, munthu wanzeru amatchera khutu. A Mulipa anaumitsa khosi. Anali atawerenga pa foni kuti daki wa m'kati amasokonezedwa ndi magetsi a ampulifaya, ndipo zimene anawerenga pa foni zinali ngati Malemba. A Modester, atanyamula dengu lawo la mumsika, anafunsa mofatsa kuti chinthu chosayimba pachokha ntchito yake n'chiyani.

"Mayi a Juliana, inu za nyimbo mumadziwa kuyimba basi. Kumva tisiyireni ife."

Kabokosiko anakagula. Siling'i inadikira, ndipo ikudikirabe mpaka lero.

Kunyumba anakonza zonse bwinobwino mu kabati. Kutsogolo kwa ampulifaya kunali kachitsulo kopotokola, kosankhira njira imene nyimbo ikulowera: ukapotokolera kumanzere, imadutsa mu kabokosi ka kunja, ukapotokolera kumanja, imagwiritsa ntchito daki wa m'kati. A Mulipa anakapotokolera kumanzere, nakakulunga ndi tepi wakuda mpaka kubisa kamzere kolozera, kenako anaika malamulo awiri. Loyamba, munthu asakhudze pa tepipo. Lachiwiri, kunja kukamachita mabingu, zoyimbira zonse zizikhala zozimitsa.

Kuyambira pamenepo mlendo aliyense wolowa m'nyumbamo ankalipira msonkho wa makutu. Ankamukhazika pa mpando wapakati, n'kuika nyimbo yachitatu ija. Ndime yoyamba ikatha pankakhala kachete pang'ono, ndipo m'kachetemo munkamveka a Modester akukoka mpweya asanayambe ndime yachiwiri. Pamenepo a Mulipa ankakweza chala m'mwamba.

"Mwamva? Mpweya umenewo! Daki wa m'kati sangautulutse umenewo, amaumeza. Aka ndi kamene kakuutulutsa."

Kenako ankatembenukira kwa mkazi wawo, amene mwina ankasita malaya kapena kusankha nyemba pa lichero. "Inu mwamva?"

"Ndamva, bambo a Juliana."

"Simunamve kanthu inu. Makutu anuwo ndi omvera miseche ya kuchigayo."

Alendo ankaseka, poti nanga akanatani. Zaka zoyambirira a Modester ankabweza mawu, n'kumati mpweyawo ndi wawo, sanachite kubwereka kwa kabokosi. Koma zaka zisanu zomalizira analeka kuyankha. Ankangoti ndamva, n'kuweramira nyemba zawo. A Mulipa ankaona ngati mkazi wagonja, ndipo mumtima ankakondwa. Anali munthu wosamenya mkazi, wosamwa mowa, wosagona kunja, ndipo chifukwa cha zimenezo ankaganiza kuti pakamwa pawo pali ndi ufulu wonse.

Matenda a shuga atawatenga a Modester, m'nyumbamo munachita zii. Masana aliwonse a Mulipa ankakhala pa mpando wapakati uja, maso ali pa nyali ya buluu, kudikira mpweya uja. Ukamveka, mtima unkawawawa koopsa, komabe ankabwezanso nyimboyo. Kwa chaka chathunthu, mpweya umenewo ndiwo unali mkazi wawo.

Tsono Loweruka lija anthu anadzaza pabalaza. Kuchimuna kunabwera nkhoswe imodzi yokha, msuweni wa a Mulipa wochokera ku Phalombe, munthu wokalamba wongofuna kuti zithe msanga akakwere minibasi. Kuchikazi ankalankhula a Gilson, mlongo wa malemu, mwini mbumba. A Gilson nawonso anakhazikidwapo pa mpando wapakati uja tsiku lina, ndipo atanena kuti sakumva kusiyana, anatchedwa gonthi pamaso pa akazi awo. Munthu saiwala zotere.

"Alamu, ife tikuthokoza," anayamba a Gilson. "Mlongo wathu munamusunga, munamudwazika, munamuika m'manda mwaulemu. Palibe mlandu. Zovala zanu, mabuku, njinga, zida zanu za kuntchito, zonsezo tengani. Za pabalaza pano ndi za ana."

"Zonse zikhale, alamu. Ndingopempha zoyimbirazi."

"Ndiye adzukuluwa mawu a agogo awo azimvera pati?"

"Laputopu nditsiyira Juliana. Ine nyimbo ndasunga pa fulashi."

"Eya, tengani fulashiyo. Zoyimbira zili m'kabati, kabati ndi wa m'nyumba."

Nkhoswe ya ku Phalombe inayang'ana wotchi, n'kupereka maganizo amene inkayesa anzeru. Inati bwanji agawane, a Mulipa atenge kabokosi kawo kamene amakakondako, zinazo zitsale. Anthu anagwedeza mitu kuti zamveka.

A Mulipa anaimirira mokwiya. "Mukugawa chinthu chimene simukuchidziwa! Aka pakokha sikayimba. Izinso popanda aka ndi zitini chabe. Nyimbo yonse imadutsa umu. Mukazula aka, muno muti zii pompano."

"Shuwa, alamu?"

"Ndikuti zulani nyimbo ikuyimba. Ikapitirira, zonse zikhale zanu, ine ndituluka ndi kabokosi kokha. Koma ikaleka, mudziwe kuti mtima wa zonsezi ndi aka, ndipo zonse zipite ndi mwini wake."

A Gilson anayang'ana anthu ngati owaitanira umboni, nati mawu a mwamuna ndi amenewo, avomera. A Mulipa mumtima anaseka. Kachitsulo kaja anakapotokolera okha kumanzere, tepi anakulunga okha, ndiye nyimbo ikanadutsa kuti?

Juliana, amene anakhala pansi pafupi ndi chitseko mwana ali pamiyendo, analankhula koyamba. "Adadi, musatero. Chonde, tiyeni tingokambirana."

Bambo ake anamuyang'ana moipidwa. Anaganiza kuti mwanayo waona kuti masipika akumupulumuka. "Nawenso, Juliana? Nyumba yonseyi sinakukwanire?" Juliana anaweramitsa mutu, misozi ili mbwembwembwe.

A Mulipa anayatsa laputopu, n'kuika nyimbo yachitatu. Mawu a Modester anadzaza m'nyumba, okwera, osalala, ngati mwini wake waima pakhomo la kukhitchini. Amayi awiri anayamba kusisima. A Gilson nawo anayamba ayima kaye, poti anali mlongo wawo, kenako anagwada, napisa mkono kuseri kwa kabokosi, nazula mawaya onse atatu. Nyali ya buluu inazima.

Nyimbo inapitirira.

Sinadukize, sinatsokomole, sinasinthe ngakhale pang'ono. A Gilson anakoka kabokosiko n'kukanyamula m'manja, mawaya ali lendelende, ndipo a Modester ankayimbabe. Ndime yoyamba inatha. Panabwera kachete kaja, ndipo m'nyumba mmene aliyense anagwira mpweya wake, mpweya wa malemu unamveka bwino lomwe, monga unkamvekera masiku onse.

A Mulipa anapita pa ampulifaya. Anakanda tepi ndi chikhadabo, n'kuyamba kumumasula. Anali tepi wamtundu wina, wopyapyala kuposa amene iwo anakulunga. Pansi pake kamzere kankaloza kumanja.

"Ndani wakhudza apa?"

"Kanapsa kalekale, adadi," anatero Juliana, osadzutsa mutu. "Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, mu Januwale, inu muli kuphiri kodzala mitengo. Amayi ankaphunzira nyimbo za ku Mvano, mvula n'kuyamba, mphenzi n'kugwa pa polo ya magetsi apo. Kananuka utsi. M'mawa mwake anakanyamula kupita nako kwa a Hafiz. A Hafiz anabwera kudzalumikiza laputopu ku ampulifaya mwachindunji, waya anamudutsitsa kuseri kwa kabati. Amayi anandilumbiritsa kuti ndisadzanene."

Panalibe woseka. Zikanakhala bwino akanaseka, munthu ukanapeza wokwiyira. Wina anazimitsa nyimbo. A Gilson anatenga jumbo ya buluu imene munali shuga, anaikamo kabokosi ndi mawaya ake, n'kuwapatsira a Mulipa ndi manja awiri, mwaulemu wonse.

"Mawu munanena nokha, alamu. Tengani katundu wanu. Takumasulani, mupite ndi mtendere."

Mwambo unatha dzuwa lisanafike pamutu. Masutikesi ndi njinga anati zitsatira pa galimoto Lolemba. A Mulipa sanadikire chakudya. Anakwera minibasi pa Songani jumbo ili pamiyendo, ndipo njira yonse mpaka m'tauni ankaphika mkwiyo. Ankakwiyira Gilson, ankakwiyira Juliana, ankakwiyira ngakhale malemu, amene anawapusitsa zaka zisanu n'kupita kumanda ndi chinsinsi. Koma wakufa sungamufunse, choncho mkwiyo wonse anaunyamulira kwa Hafiz.

Anamupeza atawerama pa wailesi ya munthu, imvi zitamera m'ndevu. Anamuponyera jumbo pa tebulo. Hafiz anasuzumiramo, n'kuika pansi chowotcherera mawaya.

"Zadziwika, eti?"

"Iwe ndi wakuba! Unalowa m'nyumba mwanga ine kulibe, n'kundisandutsa chitsiru pamaso pa abale a mkazi wanga."

"Khalani pansi, madala. Wallahi, ine sindinatengepo ngakhale kasikulu kamodzi." Anatsegula kabokosiko ndi sikuludiraiva n'kuwaonetsa m'kati. Munali mwakuda ngati pansi pa mphika, koma pakona panali kawaya katsopano kofiira kopita ku nyali. "Mayi aja anafika pano ndisanatsegule n'komwe, atakakulunga mu chitenje. Ndinawauza kuti aka kafa, zida zake kuno sizipezeka. Ndinati ingowauzani bambo, ndi mphenzi iyi, si mlandu wanu."

"Ndiye anati chiyani?"

Hafiz anakanda ndevu. Zinkaoneka kuti sakufuna kunena, koma a Mulipa anamuyang'anitsitsa mpaka ananena.

"Anati, 'A Hafiz, inu simukupadziwa pakamwa pa amuna anga. Sandimenya ayi, koma ndidzazimva mpaka tsiku lolowa m'manda. Mlendo aliyense adzauzidwa kuti ndine amene ndinaotcha.' Kenako anati, 'Ngati sikangakonzeke, musavutike. Mungochita zoti nyali iziyaka. Iwo amamvera nyaliyo.'"

Panja mnyamata wa minibasi ankaitanira za ku Liwonde, wina ankagogoda chitsulo, ndipo a Mulipa anakhala pa benchi osadziwa kuti akhala liti. Mkwiyo uja unawathera ngati madzi m'ndowa yobooka, ndipo pansi pake panatsala manyazi. Anakumbukira masana onse aja, chala chili m'mwamba, akuuza mkazi wawo kuti makutu ake ndi a kuchigayo. Mayiyo ankadziwa kuti kabokosi n'kakufa. Ankadziwa tsiku lililonse kwa zaka zisanu, ndipo mawu amodzi okha akanakwana kuwatseka pakamwa mpaka kalekale. Sanawanene. Kaya unali mantha, kaya chinali chisoni, a Mulipa sanadziwe chimene chinkawawa kwambiri.

"Koma kusiyana kulipo," anatero motsitsa, ngati mwana wokana mlandu atagwidwa kale. "Anthu analemba."

"Mwina kulipo, madala. Pa makina oyezera kamaoneka. Ena amati amakumva m'zipinda zotsekedwa bwino. Ine m'nyumba yamalata sindinakumvepo, ndipo ndinakuuzani tsiku lomwe lija."

Anawauzadi. Wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu.

Hafiz anafunsa ngati nyimbo zija ali nazo. A Mulipa anatulutsa fulashi m'thumba la malaya. Hafiz anatenga pa shelefu kawailesi kakang'ono kofiira, ka mtundu umene ogulitsa tomato amapachika pa msika, kosweka pakona, n'kulowetsamo fulashiyo. Anadumphitsa nyimbo ziwiri. Mawu anatuluka opyapyala, opanda kulemera kwa masipika aja, koma anali a Modester. Ndime yoyamba itatha, pakati pa phokoso lonse la msika, mpweya uja unamveka.

"Mayi aja ankaima pafupi ndi maiki, komanso anali ndi chifuwa cha woyimba," anatero Hafiz. "Mpweya umenewo ungamveke ngakhale pa foni. Tengani kawailesika, mwini wake anakathawa chaka chatha. Kabokosika ndikutayireni?"

A Mulipa anakabwezera mu jumbo. Pa zonse za pabalaza la zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndi kokhako kamene anapatsidwa.

Anakwera njinga yamoto yopita kuphiri. Msewu unkakhotakhota, tauni ikutsalira pansi, ndipo atadutsa amayi ogulitsa zipatso m'mbali mwa msewu analowa mu chiperoni. Chifunga chinaphimba mitengo ya paini imene ina anadzala okha mu Januwale uja, pamene mkazi wawo ankathamanga ndi kabokosi mu chitenje. Pofika pa kachipinda kawo jekete linali litanyowa.

Munali bedi lachitsulo, tebulo ndi mpando umodzi. Nthawi inali isanakwane folo koloko, koma kunja kunali mbuu. Anaika kabokosi pa tebulo, ndipo mwa chizolowezi anakalumikiza ku magetsi. Nyali ya buluu inayaka mokhulupirika, monga Hafiz anailamulira. Anaiyang'ana kanthawi, kenako anazula waya.

Anayatsa kawailesi kofiira. Nyimbo yachitatu inayamba, mawu akugunda makoma opanda kanthu. Ndime yoyamba inatha, kachete kanabwera, a Modester anakoka mpweya. Chala cha a Mulipa chinakwera chokha m'mwamba, khosi linatembenukira kumene kukanakhala lichero la nyemba, ndipo pakamwa panatseguka kuti afunse funso lija. Kunali khoma lokha. Zaka zonse zija mayiyo ankayankha kuti ndamva, bambo a Juliana, ndipo ankanena zoona. M'nyumba ija munali munthu mmodzi yekha wosamva, ndipo ndi amene anatsala.